Ziliko ndi Chiguduli Chake

Ndikukumbukira chaka china kwathu ku Kaluluma, ndili kamtsikana ka sitandade folo, amalume atandipatsa kagalu kofiira, kamimba ngati chipanda. Ndinakatcha Ziliko. Abambo sanakondwe nazo. Iwo ankati galu amaphunzira ndi chikwapu ndi njala, kusewera naye n'kumupusitsa.

Ine mtima umenewo ndinalibe. Ndikaweruka kusukulu ndinkatenga chiguduli chakutha n'kuchilendewetsa m'mwamba. Ziliko ankalumpha n'kuchiluma, ndiye kukokana kwake, mpaka tonse matope okhaokha. Ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa, osadziwa kuti ndikumuphunzitsa kuti chilichonse cholendewera n'chake.

Nanga pakhomo pathu cholendewera chinali chiyani? Fodya m'chigafa! Lamulungu lina pochokera kutchalitchi tinamupeza ali momwemo, masamba amene amayi anasoka sabata yathunthu ali mbwee pansi. Mwini wake ankangoyetsemula uku akugwedeza mchira, kudikira kuti timuyamikire.

Abambo sanakalipe, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiopsa kwambiri. Anangoti galuyo abwerera kwa amalume. Ndinalira mpaka mamina. Amayi, eni fodya wowonongekayo, ndiwo anandipepesera, ndipo abambo anavomera kuti amuyesa Loweruka m'mawa. Akadzangokhudza tsamba, basi, ulendo.

Masewera sindinasiye, ndinangowonjezamo liwu limodzi. Tikamakokana ndinkaima chilili n'kunena kuti siya. Akasiya ndinkamunyemera chigumu, n'kuyambiranso kukokana. Kenako ndinayamba kumulendewetsera tsamba la fodya long'ambika. Akalinunkhiza ndinkati siya, akalisiya chiguduli chinkatuluka. Chigumu changa cha kusukulu chinathera iyeyo, ine m'kalasi mimba ili kulira.

Loweruka litafika, abambo anatenga tsamba lalikulu, lonunkhira bwino, nalilendewetsa pamphuno pa Ziliko penipeni. Ziliko analiyang'anitsitsa, miyendo ikunjenjemera ndi kufuna kulumpha. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, anathamangira kuseri kwa nkhokwe, nabwera ndi chiguduli chake chonunkha chija n'kuchiika pamapazi pa abambo.

“Nanga ichi nditani nacho?” abambo anandifunsa.

“Kokani, ababa.”

Anayang'ana uku ndi uku, kuopa kuti akulu ampingo anzawo angawaone, kenako anawerama n'kukoka. Ziliko anakalambira pakhomo pathu, ndipo m'chigafa sanalowenso.

Lero chigafa chija chinagwa kalekale, m'munda muja tikulima soya ndi mtedza, abambo akuyenda ndi ndodo. Mwezi watha ndinawapeza pakhonde akukokana chiguduli ndi kagalu ka mdzukulu wawo. Ankamuuza mwanayo kuti galu samenyedwa, amaphunzira ndi masewera, ndipo ati nzeru imeneyi anaitulukira okha akulima fodya. Anandiyang'ana kuti ndiwachitire umboni, ine n'kungoti, zoonadi ababa.