Waya wa Pansi pa Mpando wa Lyson

Ndidaganiza zochoka ku Uliwa tsiku limene kalaliki wina wa ku Boma adandiuzanso kuti ndidzabwere mwezi wamawa. Ndinali ndi satifiketi ya JC m'thumba, ntchito osaoneka. Ndidamuuza kuti mpando wakewo adzaolera pomwepo, ndipo ndidamenyetsa chitseko. Bambo atamva sadandikalipire. Adangoti, "Iwe pakamwa pakopo padzakumangitsa. Pita kwa asibweni ako ku Kitwe usanatibweretsere milandu." Kunena zoona ndidanyamuka mokondwa. Ndinkaona ngati kwathu anthu ndi ogona.

Ku Zambia amalume adandilowetsa pa galaja ya mkulu wina wochokera ku Congo, katswiri wa magetsi a galimoto. Adandipatsa babu imodzi yokhala ndi mawaya awiri nati, "Maso ako ndi awa. Ikayaka, moto wafika. Ikapanda kuyaka, bwerera m'mbuyo mpaka upeze pamene wathera." Ntchitoyo idandikhala. Waya sungakuuze kuti ubwere mwezi wamawa.

Zina zonse zinali zowawa. Ndinkagona m'kachipinda ka kukomboni, Lamulungu n'kumangochapa ovolosi yoyera kale kuti tsiku lithe. Mkazi amene ndidakhala naye adanditopera, akuti ndinkakangana ndi wailesi yomwe. Ndalama ndinkatumiza zikakhalapo, ndipo zina mwa izo mng'ono wanga Lyson adaphatikiza ndi za mpunga n'kugula galimoto yakale, ya zija zokoka ndi matayala onse anayi, imene a mishoni adaitaya. Makalata ake ankandikwiyitsa. "Tonse tili bwino. Mvula yagwa. Galimoto ikuyenda mwa apo ndi apo." Basi. Ngakhale kalata ya maliro a bambo inali yowuma chimodzimodzi. Sindinkadziwa kuti kalata yopita ku Zambia inkawerengedwa ndi anthu ena isanandipeze.

Mkuwa utagwa mtengo galaja idatsekedwa, ndipo ndidabwerera ndili ndi imvi zoyamba, sutikesi ndi bokosi la zitsulo. Pachipata cholowera m'dziko muno adandimeta tsitsi, akuti latalika. Pa Uliwa ndisanamwe ngakhale madzi, anyamata a chipani ovala malaya ofiira adandigulitsa khadi.

Mudzi wathu uli mkati, njira ya ku Vinthukutu, ndipo nthawi ya dzinja galimoto wamba siifika. Ya Lyson ndiyo inali yonyamula odwala m'dera lonselo. Pa nthawiyo inkadikira munthu mmodzi makamaka: mlamu wanga aNyaGondwe, mkazi wa Lyson, anali ndi pakati potopa. Mwana wam'mbuyo adamwalira chifukwa chochedwa panjira, ndipo anamwino adanenetsa kuti uyu abadwire kuchipatala, zivute zitani.

Nditatsegula boneti ndidatukwana m'Chibemba. Pamalo pa fyuzi padali msomali. Mawaya ena anali a m'nyumba, ena a dayinamo ya njinga, olumikizidwa ndi mano n'kukulungidwa ndi mphira wa chubu. Waya wa ethi, wolumikiza batire ku chitsulo cha galimoto, udali utadyeka, utangotsala tinsinga tochepa.

"Mlamu wanga mukufuna kumunyamulira m'chisa cha mbewachi?" ndidafunsa.

"Imayenda, achimwene," adatero Lyson. "Ingoisiyani."

"Imayenda chiyani? Anthu akundiuza kuti imafa ikafuna."

"Eya, imatero. Musaigwire. Mwangofika kumene, pumulani."

Ndidaona ngati ndi nsanje ya mwana wamng'ono. Choncho Lyson atapita kumaliro kwa apongozi ake ku Uraha, ndidavula malaya n'kuyamba.

Ndidachotsa batire, ndidamasula bolodi ya kutsogolo, n'kuyamba kutsata waya umodziumodzi ndi babu yanga. Nyali yakumanzere inkatenga moto ku hutala. Dayinamo inali yamoyo koma waya wake unkangogwira pang'ono, n'chifukwa chake batire inkakhala yanjala. Zonsezo ndidazula. Ndidayala mawaya atsopano amene ndidabwera nawo, mtundu uliwonse ndi ntchito yake, ndidapala chitsulo mpaka kuwala kuti ethi igwire, ndidaika mafyuzi enieni.

Kenaka ndidapeza waya wina wachilendo. Unkachokera pa koyilo, kachipangizo kopereka moto ku mapulagi, kudutsa pansi, n'kukathera pansi pa mpando wa dalaivala, nsonga yake ili yosenda, italendewera pafupi ndi bawuti. Ndidaliza injini n'kukhudzitsa nsongayo ku bawuti. Injini idazima pomwepo. Ndidaseka ndekha. Nthenda yonse inali imeneyi: waya wopanda ntchito wothawitsira moto wa mapulagi ku chitsulo. Galimoto ikagunda bampu, ukhudza, yafa. Ndidauzula n'kuuponya kudzala.

ANyaGondwe adandibweretsera chinangwa chophika, nayang'ana pansi pa mpando nthawi yaitali.

"Alamu, kawaya kanali apa mwakachotsa?"

"Ndi kamene kakadakuphani, mlamu."

"Yewo," adathokoza m'Chitumbuka motsitsa mawu, nabwerera kukhitchini.

Ndikadangoima pomwepo. Koma ndidaiyendetsa mpaka pa Uliwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndidaizimitsa pakati pa magolosale, n'kuiliza ndi kiyi kamodzi kokha anthu akuona. Ndidaliza ndi hutala yemwe. Ndidauza aliyense kuti kuyambira lero galimoto iyi siidzafanso. Ndidadabwa kuti palibe adaomba m'manja. Amene adamwetulira ndi anyamata a malaya ofiira okha.

Lyson atabwera ndi kumva, adakhala pansi pa mtengo wa mango nagwira mutu.

"Achimwene, mwatipha."

"Ndakukonzerani galimoto ndiye ndakuphani?"

Adandikokera kuseri kwa nkhokwe ndipo adalankhula m'Chitumbuka, monong'ona. Waya uja adauika yekha. Nthawi iliyonse kukamveka kuti mwini dziko akubwera kumpoto, a chipani ankatenga galimoto iliyonse yoyenda kuti izinyamula amayi ovina kupita nawo ku Boma kukayeserera. Inkapita masabata, mafuta ako, ndipo inkabwera ili yothyoka masipuling'i. Kukana kunali kudziitanira dzina la woukira, ndipo oukira sankabwerako. Koma galimoto yakufa palibe ankaiimba mlandu. Ndiye akabwera, Lyson ankapinda kawayako ndi chala kuti kakhudze bawuti, mudzi wonse n'kukankha mpaka thukuta, iwo n'kutopa n'kupita.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Inu? Mukadakalengeza pa Uliwa kuti mng'ono wanga ndi wochenjera." Adapukusa mutu. "Komanso kuno zotere sitinena, achimwene. Aliyense amangodziwa."

Adavomera yekha kuti kawayako nthawi zina kankakhudza kokha pa mabampu, ndipo ankagona ndi mantha kuti kadzatero tsiku la mkazi wake. Koma tsopano zidaipiratu. Madzulo omwewo uthenga udafika: a tcheyamani a chipani a dera lathu abwera Lachisanu kudzatenga galimoto, ndipo idzabwerera mwini dziko akadzabwera n'kupita. Masiku a aNyaGondwe anali omwewo.

Ndidafuna kupita kwa a tcheyamani kukawauza maganizo anga. ANyaGondwe adaima pakhomo ndi mimba yawo.

"Alamu, mukapita kumeneko, mundikumbiretu manda. Inu mwachokera ku Zambia. Mawu amodzi okha, atenga inu, atenga ndi bambo a kunyumba kuno."

Ndidabwerera. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kubweza mawu atafika kale pamilomo.

Ndidakhala m'galimotomo n'kumayang'ana bolodi. Padali kaswichi ka chotenthetsera m'kati, chimene azungu adaikira kuzizira kwa kwawo. Ku Karonga ndani angayatse moto m'galimoto? Chotenthetseracho chidafa kalekale. Ndidadula waya wopita ku koyilo kuseri kwa bolodi, ndidaudutsitsa pa kaswichiko, n'kukulunga zonse m'mtolo umodzi ndi tepi, n'kupaka fumbi. Ukakakoka, sitata ilira bwinobwino koma mapulagi alibe moto. Ukakabweza, yadzuka. Bampu silingakagwedeze. Pa ntchito zonse zimene ndidagwirapo, yaukhondo kwambiri ndi imeneyo.

"Koma pali vuto," adatero Lyson. "Anthu adaiona ikuyenda. Ikafa Lachisanu adzati ndachita dala."

"Sadzatero," ndidayankha. "Adzati ndine."

Lachisanu a tcheyamani adafika ndi anyamata awo, atavala jekete kutentha konseko. Anali munthu wa m'mudzi woyandikana nafe, tidaphunzira limodzi Sitandade 3. Lyson adapotokola kiyi. Sitata idalira, injini zii. Adayesanso. Ndidatsegula boneti, ndidagwiragwira mawaya, ndidatuluka thukuta lenileni.

"Amakaniko a ku Kitwe, bwanji?" adafunsa mnyamata wina. "Si paja mudati siidzafanso?"

"Mwina magetsi a ku Zambia sagwira ku Malawi kuno," adatero mnzake.

Anthu adaseka, ndi amayi omwe. Sipanala inali m'manja mwanga ndipo ndidaifinya mpaka chikhatho kuwawa. Ndidayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndalephera, bwana. Ndikuona ngati ndawotcha koyilo. Yatsopano mpaka ku Mzuzu."

Mnyamata wina amene ankadziwako za injini adasuzumira pansi pa mpando, napeza poyera. Adatsata mawaya mpaka pamene adalowera mumtolo, nasiya. Tidaikankha mpaka kumtsinje ndi kubwerera. A tcheyamani nawonso adavula jekete n'kukankha nafe. Pochoka, anyamata atatsogola, adandiyandikira.

"Mudatiopsa, a Msiska," adatero osandiyang'ana. "Galimoto yamoyo ine sindingaibise kwa akuluakulu. Yakufa ndiye ndinena kuti yafa. Mayi anga idawanyamula chaka chatha imeneyi."

Matenda a aNyaGondwe adayamba m'mawa wina mvula itagwa, amayi ovina atapita kale pa lole ya munthu wina watsoka. Lyson adabweza kaswichi, injini idadzuka ndi kiyi kamodzi kokha. Tidadutsa matope ofika m'maondo, mabampu onse a njira ija, osazima. Mwana adabadwira kuchipatala, wamkazi, ndipo lero ndi mphunzitsi. Pa Uliwa anthu adangoti galimoto zakale zili ndi mtima wake, lero yadzuka. Palibe adafunsa zambiri.

Ndidachoka kwathu ndikuti anthu ake ndi ogona. Ndidabwera kudzapeza kuti mudzi wonse, ndi tcheyamani yemwe, udasunga kawaya kamodzi zaka zonsezo popanda wotchula, ndipo amene adatsala pang'ono kuwononga ndine, wa JC. Zinthu zidasintha, tsopano tikhoza kulemba zotere. Galimoto ija idaolera kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira. Koma dzina lidatsala. Mpaka lero ndikamadutsa pa Uliwa wina amaitana, "A Koyilo, mwawotchanso chiyani?" Ena mwa oitanawo ndi omwe ankabwera mwakachetechete kudzandipempha kuti ndiwaikire kaswichi kotere pa galimoto zawo. Ine, amene ndidatukwana kalaliki chifukwa cha mwezi umodzi, ndimakweza dzanja n'kuyankha kuti, "Yewo."