Dzanja la Gazsi

Etelka Borbás anakalamba osadziwa nkhope ya bambo ake. Chimene ankakumbuka ndi fungo lokha. Bambowo, a Gazsi, anali wokwera akavalo ampikisano a bwana Bodonváry, mwini esiteti imene inameza mudzi wathu wonse kuno kumadzulo kwa Hungary. Wokwera ankayenera kupepuka, ndipo kupepukako kunali ndi njira yake. Mpikisano ukayandikira ankamuveka majuzi n'kumukwirira mpaka m'khosi mu mulu wa ndowe zotentha kuseri kwa khola, kuti thupi lithe ndi thukuta. Akamufukula ankamukweza pasikelo. Sikelo ikakana, ankamubwezera momwemo. Tsiku lina anamufukula ali lefu, ndipo posakhalitsa anakamukwirira kumanda, Etelka asanayambe n'komwe sukulu.

Mayi ake a Etelka ankati sopo anagonja ku fungolo. Ngakhale m'bokosi la maliro munkamveka khola.

Etelka anakula, nakwatiwa ndi chidakwa, nachiika m'manda, nagwira ntchito yosolola matumbo a nkhuku kufakitale mpaka zala zinapindika. Zonyansa sizinkamudabwitsa mayiyu. Koma kavalo akadutsa pamsewu ankalavula.

Chikomyunizimu chitagwa, mdzukulu wa bwana uja, Ottó, anatulukira kuchokera ku Vienna ndi mabokosi a mapepala a agogo ake, ati mphatso ku nyumba yosungira zakale ya m'tauni. Mbiri inamveka kuti muli zithunzi zosawerengeka. Etelka anasita diresi lake lakutchalitchi n'kukwera basi. Ankangofuna kuona ngati mphuno yake yokhotayo anaitengera kwa bambo ake.

Muholo munadzaza anthu a mataye, aliyense vinyo kudzanja ili, kamkate ka tchizi kudzanja linalo. Ottó ankalankhula chinenero chathu ngati chobwereka. Anatamanda Pipacs, kavalo wamkazi amene anapambana ku Budapest ndi ku Vienna, natchula mayi wake, agogo ake, mpaka makolo a ku Mangalande. Anthu anawomba m'manja ngati nyamayo ndi msuweni wawo. Ena mpaka kupukuta misozi, osachita nako manyazi, atamva kuti ili ndi manda a mwala wosema. Mtanda wa Gazsi unali wathabwa, ndipo unawola kalekale.

Etelka anakoka mkono wa Kinga, mayi wachitsikana wosamalira mapepalawo.

"Mwanawe, ine mibadwo ya akavalo yandikwana. Amene ankakwera Pipacsyu ali pati?"

"Azakhali, ndafufuza paliponse," anatero Kinga. "Za kavaloyu zilipo zonse, ngakhale tsiku limene anatsegula m'mimba. Koma wokwera amangolembedwa kuti mnyamata."

"Mnyamata wandevu? Wa mkazi ndi mwana?"

Kinga anayang'ana pansi. "Chithunzi chilipo chimodzi. Koma musaikepo mtima kwambiri."

Anapita naye pakhoma. Mu felemu yozungulira yagolide munali Pipacs, thupi lili waliwali, nkhata yamaluwa m'khosi, bwana wamkulu ataima pambali ndi chipewa chake chachitali. Mbali inayo kunali dzanja. Dzanja lokha basi, lowonda ngati phazi la nkhuku, litagwira chingwe. Munthu yense anamudula ndi sizasi kuti chithunzi chikwane mu felemu.

Ottó anatulukira kumbuyo kwawo, akununkhira mafuta odula.

"Mwamukonda eti, mayi? Taonani miyendoyo! Agogo ankati anyamata am'khola ankamukonda kuposa akazi awo."

"Ankamukondadi, bwana," anayankha Etelka. "Mpaka kugona m'manyi ake."

Ottó anaseka kwambiri, kuganiza kuti ndi nthabwala zakumudzi, nam'ninkha positikhadi ya chithunzi chomwecho, ati yaulere. Etelka anailandira n'kutuluka. Vinyo wawoyo sanamulawe.

Atafika kunyumba anavula diresi, nafunafuna sizasi yake yodulira nkhuku. Pa positikhadi ija anadula bwana wamkulu ndi chipewa chake chomwe, kenako kavaloyo, n'kuponya zonse mu mbaula. Anatsala ndi kachidutswa kosaposa chikhadabo. Anakasomeka pakona pa chithunzi cha mayi ake, nakhala pansi n'kumakayang'anitsitsa, dzanja lake lili pamwendo. Za mphuno sadzadziwanso. Koma kachala kakang'ono ka dzanja la pachithunzilo, kokhotera mkati, kanali kake komwe, kamene iye anabadwa nako.