Mbale imene ndinadya kwa Mtchaina

Kwathu ku Nachisaka munthu safunsidwa chimene akufuna kudya. Amakupatsa madzi, usamba m'manja, udya chimene chabwera. Ine funso limenelo ndinalimva koyamba ku Halale, m'nyumba yodyera ya Mtchaina, ndipo wondifunsayo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, munthu amene ndinamuyendera mtunda wonsewo wapansi mpaka mapazi kung'ambika.

Mlamu wangayo anachoka kumudzi nkhondo ya Ajeremani itangotha, akuti kukafuna za msonkho ndi bulangete. Anasiya mlongo wanga ali ndi mwana kumsana. Mwanayo anayamba kuyenda, anayamba kuweta mbuzi, analowa sukulu ya mishoni, bambo wake ali zii. Denga la nyumba yawo ndinkafolera ndine, nkhokwe ndinkaluka ndine. Kenaka kunapezeka mphunzitsi wina wa ku Ntchisi, munthu wofatsa amene mkazi wake anamwalira, nafuna kukwatira mlongo wanga. Nayenso mlongo wanga anamufuna, ndipo sanabise.

Akulu a mpingo anakana. Anati ukwati woyamba unadalitsidwa m'tchalitchi ndipo mwamuna ali moyo. Abwere kwa mkazi wake, apo ayi anene pamaso pa mboni kuti wamusudzula. Atsibweni, amene anali ankhoswe a mlongo wanga, anali atatupa miyendo, ndiye ulendowo unagwera ine.

Tsiku lonyamuka anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. "Ukakamupeza usakadye chake," anatero. "Nkhoswe yopita ndi mlandu sidya za mwini mlandu nkhani isanathe. Ukakadya, ndiye kuti wavomera kuti palibe kanthu." Ndinakwiya ndi malangizowo. Ankandiyesa mwana kodi?

Ndinapita ndi bambo wina wa ku Bowe, wodziwa njira, kuti akakhale mboni. Anali Mkhristu weniweni, wosanama, komanso wosatha kusiya kanthu kosanena. Ndiye amene anafunsafunsa kwa anthu akwathu ku Halale mpaka tinalozeredwa kanyumba ka malata kuseri kwa masitolo, komwe antchito akuda ankadyera.

Munali utsi, fungo la adyo ndi nyama ya nkhumba, mabenchi odzaza anthu a zilankhulo zonse. Mwini wake, Mtchaina wokalamba, wowonda, anaima kumapeto akukanda ufa wa tirigu. Ankadula kamtanda, kukaphwatalitsa, kuikamo nyama yosinja, n'kutsina m'mphepete ndi zala msangamsanga osayang'anako, maso ali pa mabenchi. Pakati pa anthuwo pankadutsa munthu wonenepa, wonyezimira masaya, atanyamula mbale mpaka m'zigongono. Ndinachita kumuyang'ana kawiri. Mlongo wanga kumudzi mafupa a m'khosi ali poyera, mwamuna wake kuno khosi lamira ndi kunenepa!

"Alamu!" anafuula atandiona. "Mwafika liti? Kumudzi kuli bwanji?"

Ndisanayankhe, Mtchaina uja anakalipa m'Chilapalapa, chilankhulo cha pantchito kumeneko. Mlamu wanga anatsitsa mawu. "Akuti pano sipokhala chabe. Wokhala pabenchi aitanitse chakudya, wosadya atuluke. Mudya chiyani?"

Ndinamuuza kuti sindinabwerere chakudya, ndimudikira panja akaweruka. Anapukusa mutu. Anati amagona kuseri komweko, m'mpanda, ndipo mwini wake salola alendo. Pokambirana ndi pabenchi pomwepo basi.

Ndinaganiza mozama, ndipo mpaka pano ndimati ndinaganiza bwino. Chakudya chogula ndi ndalama yanga ndi cha Mtchaina, si cha mlamu wanga. Ndinafunsa bambo wa ku Bowe uja, naye anati, "Chogula n'chogula." Maina a zakudyazo sindinkawadziwa, ndiye ndinangoloza mbale ya munthu amene anakhala pafupi nane, ngati mwana wosalankhula.

Inabwera mbale yakuya, nthunzi ili tolotolo. Munali zingwezingwe za ufa, zazitali ngati luzi lonyika, ndipo pamwamba pake pankayandama timitanda tija. Munthu wapafupi nane uja ankadyera timitengo tiwiri, koma ife anatipatsa masipuni. Zingwezo zinkandithawa, kuterereka n'kugwera mumsuzi, mpaka ndinangozigwira ndi zala. Njira yonse tinkakhalira chimanga chokazinga ndi madzi. Kamtanda koyamba nditakaluma, madzi a nyama anandiotcha lilime, koma sindinalavule. Ndinamaliza zonse, msuzi womwe ndinamwa.

Nkhani yathu tinkaikamba modukizadukiza, mlamu wanga akudutsa ndi mbale. Ndinamuuza za mwana, za denga, za mphunzitsi wa ku Ntchisi, za akulu a mpingo.

"Kubwera ndibwera, alamu. Dzinja likangotha."

"Madzinja angati atha kale? Ngati simubwera, musudzuleni. Mboni nayi."

Anapita kukapereka mbale, nabwerako akupukuta manja. "Ndisudzule bwanji mkazi amene sanandilakwire? Kamuuzeni adikire."

Ndinadziwa pomwepo kuti munthuyu sadzabwera. Mkazi sankamufuna, koma sankafunanso kumva kuti wina wamutenga. Ndinati chabwino, mawa ndibweranso, ndipo ndizibwerabe mpaka atope nane. Ndinaimirira kukalipira kwa mwini wake. Mtchaina anakupiza dzanja, naloza mlamu wanga ndi chibwano.

"Ndalipira kale," anatero mlamu wanga, mokweza kuti mboni imve. "Mlendo wochokera kumudzi alipire yekha ine ndilipo? Manyazi amenewo ayi, alamu."

Ankamwetulira. Mwambo umene atsibweni anandiuza kuseri kwa nkhokwe iye ankaudziwa bwino kuposa ine, ndipo anadikira dala mpaka mbale itauma. Ndinaika ndalama pathebulo, iye anaitola n'kundibwezera m'thumba la malaya, akundisisita paphewa ngati tikuseka. Ndinaiponya pansi, ndinamutukwana mawu amene sindingalembe pano. Mtchaina anabwera ndi mpini wa tsache, anatitulutsa tonse awiri, ine ndi bambo wa ku Bowe uja. Masiku otsatira, ndikangofika pakhomo ankandibweza. Mlamu wanga sindinamuonenso, ndipo chitupa changa choyendera chitatsala pang'ono kutha tinabwerera.

Nkhani inakambidwa pakhonde la tchalitchi, mvula yoyamba itagwa. Panali akulu a mpingo, atsibweni, ndi ankhoswe a kuchimuna, amene anabwera atavala majekete ngati kuli ukwati. Bambo wa ku Bowe anafotokoza zonse mwadongosolo, osasiya ngakhale za zala zanga mumsuzi. Anthu anaseka. Kenaka mmodzi wa akuchimuna anatembenukira kwa ine.

"Munadya?"

"Ndinagula."

"Analipira ndani?"

 Ndinayang'ana atsibweni, iwo n'kuyang'ana pansi. Akuchimuna anati mwamva nokha, mwana wathu wati akubwera, nkhoswe yadya chakudya chake n'kukhuta, mlandu uli pati? Ndinayesa kufotokoza kuti kumeneko ndi dziko lina, kuti munthu sakhala pabenchi osaitanitsa, kuti ndinatchereredwa msampha. Anandiyankha kuti mwambo susiyidwa pa Zambezi. Akulu a mpingo, amene Lamulungu lililonse ankatiuza kuti miyambo ya makolo ndi ya mumdima, tsiku limenelo anaugwira mwambowo ndi manja awiri. Anagamula kuti mkazi adikire.

Amati mlandu suola. Zoona, suola, koma munthu amakalamba. Mphunzitsi uja anadikira chaka chimenecho, kenaka anakwatira wina kwawo ku Ntchisi, ndipo sindimuimba mlandu. Mlamu wanga sanapondenso ku Nachisaka. Mlongo wanga anameta imvi akutchedwabe mkazi wake. Ndimadana naye mlamu wangayo, ndipo ngati anafa, sindinamukhululukire.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri chinachitika tsiku lomwelo la chigamulo. Mlongo wanga sanabwere kutchalitchi, anali kumunda akubzala nyemba. Ndinamupeza atawerama, kambale ka mbewu kali m'manja, ndipo ndinamuuza zonse ndili chiimire. Sanalire, sanandikalipire. Anakwirira phando ndi phazi, naweramuka.

"Achimwene, ndiuzeni chimodzi chokha. Chinali chokoma?"

Ndinafuna kunama, koma ndinalephera. "Chinali chokoma."

"Bola," anatero, akuweramanso. "Bola mmodzi wa ife wadyako za ukwati umenewu."