Funso la "went" ndi achimwene a Fanuelo

Mwaswera bwanji abale nonse pagulu pano.

Lero posesa m'nyumba ya amayi kwa Kanduku ndapeza pepala langa la Chingerezi la Sitandade 8, la nthawi ya makadi a chipani ija.

Funso lina linali "My brother ___ to Tete last year", tisankhe "went" kapena "has gone". Ine ndinasankha "has gone", aphunzitsi n'kuthetha.

Ndinawatsatira panja. "Aphunzitsi, si munati 'has gone' ndi munthu woti sanabwerebe? Achimwene anga a Fanuelo anathawira ku Tete, sanabwere."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Pakakhala 'last year' umalemba 'went'. Zinazo usamazinene pasukulu."

Azakhali, inu munalipo. Kodi achimwenewo ankathawa chiyani? Ine palibe anandiuzapo.