Ndowa ya Mtedza ku Chiosya

Tinanyamuka pa Boma cha m'ma 8 koloko, ine ndi mayi wapolisi amene akuluakulu ake anandipatsa kuti tikaone mng'ono wanga Esinati ku Chiosya. Mwamuna wake ankamumenya, ndipo sabata yonse foni yake inali yozima.

Mayiyo ndinamukayikira chiyambire. Yunifolomu anaisiya ku ofesi, n'kuvala chitenje ndi mpango, m'manja ndowa yopanda kanthu, paphewa chikwama. Tinakwera minibasi ya K4,000 aliyense, ine mumtima ndikuti, wapolisi wanji wopanda ngakhale unyolo?

Titatsika pamphambano kudikira kabaza, iye akutafuna nzimbe mosatekeseka, ndinamufunsa ngati alamu angawo akawamanga.

"Kumanga sikuvuta, amayi," anatero. "Ndamangapo ambiri. Mawa lake mkazi amabwera ndi ankhoswe, akuti ndinangogwa pamjigo. Ukafika ndi yunifolomu, mudzi wonse umamuyankhira mkaziyo. Zimandiwawa, koma ndinaphunzirapo."

Ine ndinangoti awa ndi mawu a munthu amene walandira kale kangachepe.

Msewu wafumbi unatikhutchumula mpaka dzuwa lili paliwombo. Alamu tinawapeza pachigafa akusankha fodya. Mayi uja anagwada, kupereka moni, n'kunena kuti ndi wogula mtedza, wangotsagana nane. Anayamba kuseka nawo ngati anzake akalekale. Mtima wanga unawira. Esinati anabweretsa mpando ndi dzanja limodzi, maso ali pansi, akuti tili bwino.

Ndowa itadzaza, wapolisiyo anati, "Amayi akunyumba atisenzereko mpaka kumsewu." Alamu anavomera msanga. Bambo wasenzapo liti ndowa pamutu, mkazi ali pomwepo?

Titangokhota kuseri kwa munda, Esinati anatula ndowa ija. Mkono wakumanja sunkakwera, ndipo thukuta linali kamukamu. Mayiyo anatulutsa chiphaso chake chapolisi.

"Pano palibe ankhoswe, palibenso amuna anu. Mkonowu watani?"

Esinati anacheuka kawiri, kenako analira, n'kuulula zonse.

"Tiyambire kuchipatala," anatero mayiyo. "Kalata ya dokotala siisintha mawu mawa. Bambowo tibwera kudzawatenga."

Pobwerera Esinati anakhala pakati pathu m'minibasi, ine ndowa ili pamiyendo. Manyazi anandigwira. Ulendo wonse wopita ndinkasuzumira m'chikwama cha mayiyo kufunafuna unyolo, osadziwa kuti chimene chikatulutse m'bale wanga m'nyumba ija ndi ndowa.