Wopambana wa timu yoluza

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, tikukhala m'zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ina ku Barking, kutsidya kwa nyanja kudziko la azungu. Tinali titangobwera kumene kuchokera ku Zimbabwe, kumene agogo athu anapita kalekale kuchoka ku Dedza kukagwira ntchito pamgodi. Sukulu ndinali nditalekezera giredi seveni, ndipo kuno sindinapitirize, chifukwa bambo anadwala impso tisanakhazikike n'komwe. Amayi ankasamalira okalamba ku Ilford, kuchoka m'mamawa, kubwera madzulo miyendo itatupa. Wotsala ndi bambo ndinali ine.

Ntchito yanga inali kuwaperekeza kuchipatala kukatsukidwa magazi pa makina, kuwapaka mafuta kumapazi, ndi kuwamana madzi. Yowamana madziyi ndiyo inkandipweteka. Adokotala anati asamamwe ambiri, ndiye munthu wamkulu ankandipempha madzi ngati mwana, ine n'kuwapatsa kachidutswa ka ayezi kuti anyowetseko kukhosi.

Kutchalitchi kwathu kunali mayi wina wolemekezeka, wa mawu amphamvu popemphera. Tsiku lina titaweruka anandigwira dzanja n'kundiuza kuti Mulungu amafuna anthu opambana, ndipo wopambana ndi amene amapemphera wodwala n'kudzuka. Anati wodwala akapanda kuchira, ndiye kuti m'nyumbamo muli wina amene wafooka. Sindikhulupirira kuti mayiwo anali ndi mtima woipa. Koma ine ndinapita kunyumba ndikulingalira: amayi alibe nthawi, bambo alibe mphamvu, ndiye wofookayo angakhalenso ndani? Ndinayamba kusala kudya osauza munthu. Amayi akafunsa ndinkati ndadya kale. Siketi inayamba kutsika, ndinaimanga ndi pini. Pokwera masitepe ndinkaona tinyenyezi. Mumtima mwanga nkhani inali imodzi: bambo akamwalira, ndawapha ndine.

Chimene chinkawasangalatsabe bambo chinali besibo. Ambiri kwathu sawadziwa masewerawa: wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga, kenako n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Pamgodi paja anthu ankasewera besibo, ndipo bambo ali mnyamata anali wonjuta kumbuyo kwa womenya, wowakha mpira. Zala zawo zakumanja zinali zokhotakhota chifukwa cha zimenezo. Mnzawo wa pamgodi pomwepo, a Mwale, amene kuno ankayendetsa basi, ankabwera Lamlungu lililonse masana ndi kaseti ya vidiyo ya masewera a ligi yaikulu ya ku Amereka. Ankaonera, n'kumakangana, sitima zikudutsa kuseri kwa nyumba mawindo n'kumanjenjemera.

Lamlungu limene ndikunenali sizoni ya besibo inali itatha, kunja kukuzizira, mitengo itayoyoka. Mkangano unali wa mphotho imene amapereka kwa wosewera mmodzi pakutha pa chaka. Panali anyamata awiri. Wina anamenya bwino kuposa aliyense, koma timu yake inathera pansi penipeni. Wina anamenya bwino ndithu, osafika pa mnzakeyo, koma timu yake inatenga chikho. Amene amavota ndi atolankhani, ndipo a Mwale ankati atolankhaniwo akapatsa wachiwiriyu achita bwino. Bambo ankati atolankhani amakhala pamthunzi, amangoyang'ana pamene timu yathera. Ankati avote ndi oponya mpira, chifukwa ndi amene amadziwa munthu amene akaima ndi chibonga, iwo m'mimba mumatentha.

Ine ndinali kukhitchini ndikuwapangira tiyi a Mwale, ndipo mawu awo ankandipeza bwinobwino.

"Achimwene, mphothoyi ndi ya wopambana," anatero a Mwale. "Nanga munthu apambana bwanji timu yake ili kumchira?"

"Mukusokoneza zinthu ziwiri, inu," bambo anayankha, mawu akusasa. "Pali kupambana masewera, pali kupambana anzako. Chichewa chathuchi n'chimene chikukunamizani."

A Mwale anaseka n'kunena kuti Chichewa cha pamgodi sichinawanamizepo, ndipo bambo asiye kuyankhula ngati loya. Kenako ananena mawu amene anandilasa, ngakhale sankanena ine. Anati timu imene yathera pansi ikanatheranso pansi popanda mnyamatayo, ndiye thukuta lake lapindula chiyani? Woluza ndi woluza basi, kaya wathyoka msana.

Ndinali nditafika pakhomo la chipinda ndi thireyi. Ndikukumbukira kuti m'makutu munalira, kapu inayamba kugogoda sosala, kenako mdima.

Nditatsitsimuka ndinali pansi pa kapeti, tiyi atanyowetsa malaya anga, a Mwale akundikupiza ndi chikuto cha kaseti. Bambo, amene sankatha kutsika pampando okha, anali atagwada pambali panga. Anandigwira pamkono, ndipo chala chawo chachikulu ndi chamkombaphala zinakumana n'kupitirira. Anayang'ana mkonowo nthawi yaitali. Anandifunsa kuti ndinadya liti komaliza. Ndinayesa kunama, koma misozi inandiulula, ndipo ndinanena zonse, za mayi a kutchalitchi aja ndi za munthu wofooka wa m'nyumba.

A Mwale anatenga jekete kuti apite kwa mayiwo nthawi yomweyo. Bambo anawauza kuti asapite, m'malo mwake akatenge buledi ndi majarini kukhitchini. Kenako anatembenukira kwa ine. Ankanditchula Naphiri akafuna kuti ndimvetsere ngati munthu wamkulu.

"Naphiri, timu yathu ino ikuluza. Adokotala anandiuza kale, amayi ako akudziwa. Siiwina, ngakhale usale mpaka Khirisimasi."

Palibe amene anali atandiuzapo zimenezi. Ndinkaganiza kuti makina aja akuwachiritsa pang'onopang'ono. Ndinalira kwambiri, ndipo sanandiletse. Nditatopa anapitiriza, akupuma movutikira.

"Mayi ajawo ali ngati atolankhani, akuonera patali. Ine ndili m'bwalo momwemo. Ndikudziwa amene amandimana madzi ine ndikumukalipira, mawa lake n'kundimananso. Wovota ndine, ndipo ndavota kale. Tsopano idya ndikuona."

Ndinadya buledi uja bambo akundiyang'anitsitsa, chidutswa ndi chidutswa. A Mwale anali atapaka majarini wambiri ngati akumata khoma. Nditamaliza, pamene ankathandiza bambo kubwerera pampando, anayankhula motsitsa mawu.

"Za mwanayu mwanena zoona, achimwene. Koma za besibo sindinagonje."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kwawo komaliza kumene ndimakukumbukira n'kumeneko.

Khirisimasi anaiona. Anamwalira chaka chatsopano chitangoyamba, kuchipatala, amayi ali pambali pawo. Mphotho ija sindidziwa kuti inapita kwa ndani, ndipo a Mwale sanabwerenso ndi kaseti. Pamaliro mayi aja anabwera, anayimba ndi mawu awo amphamvu, ine n'kuwapatsira tiyi ngati ena onse. Sanadziwe chilichonse.

Ndisaname kuti mawu a bambo anandichiritsa tsiku lomwelo. Kwa zaka zambiri ndinkati ndikagwada kuti ndipemphere, kamtima kena kankandifunsa kuti, ukanapanda kudya buledi uja bwenzi zitatha bwanji? Mwana akamva chinthu kwa munthu wa Mulungu, chimalowa mpaka m'mafupa. Chinatuluka pang'onopang'ono, ndipo ndimathokoza Ambuye kuti anandipatsa bambo amene anaona mkono wanga nthawi isanathe.

Lero ndine mayi wa ana atatu. Mwana wanga wamwamuna anatengera agogo ake amene sanawaonepo: amatsatira besibo pafoni, ndipo amandiuza kuti mkangano uja sunathe mpaka pano. Akuti masiku ano kuli masamu oyezera wosewera payekha, osayang'ana timu yake, koma anthu akukanganabe chaka ndi chaka. Masamuwo ine sindiwamva. Akandifunsa maganizo anga ndimati mphotho ya munthu mmodzi ipite kwa amene wasewera bwino kuposa onse, chifukwa timu yowina ili kale ndi chikho chake. Munthu sasankha anzake a patimu, ndipo sangamenye mpira m'malo mwa onse.

Ntchito imene ndimagwira ndi ya amayi anga ija, kusamalira okalamba, kuno ku Croydon. Amene ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa sabwerera kwawo. Mmodzi ndi mmodzi amapita, bedi n'kuyalidwa, kubwera wina. Ndikanakhala kuti ndimadziyeza ndi muyeso wa mayi a kutchalitchi aja, bwenzi nditasiya kalekale ntchito, mwinanso ndi pemphero lomwe. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kuchiritsa ndi kwa Mulungu, ndipo sanandipatse ine kuti ndimusungire. Changa ndi madzi ofunda bwino, supuni yosathamanga, ndi kutchula munthu dzina lake ngakhale iye waliiwala. Odwala anga ndimawapempherera kuti achire, ndi mtima wanga wonse. Ambiri sachira. Ndikaweruka ndimakwera basi, kufika kunyumba, kusamba m'manja, n'kudya.