Makombola Khumi ndi Awiri a Bambo Sakala

A Nikodemo Sakala anabwerako kumigodi mu 1979, khutu lakumanzere litagontha, koma zala zonse khumi zilipo. Zalazo ndizo ankanyadira. Anaphulitsa miyala pansi pa nthaka zaka makumi awiri, ndipo ena amene anayamba nawo ntchitoyo anabwerera kwawo kukagwira khasu ndi zala zitatu.

Anakhazikika kwa akazi awo, kumwera kwa Katete, pamsewu wopita kumalire a Mozambiki. Ankalima mtedza ndi mpendadzuwa. Sanali munthu wa nkhani zambiri, kupatula Loweruka, a Bwanali a sitolo akaliza jenereta n'kuonetsa kanema wa nkhondo pakhonde. Nyumba ikaphulika pakanemapo, malawi n'kukwera kuposa mitengo, achinyamata ankakuwa, iwo n'kumangopukusa mutu.

"Awo ndi mafuta a galimoto," ankatero. "Onga weniweni ulibe malawi otero, ndi fumbi lokhalokha. Nanga uyo akuyenda ngati akuchokera kudimba? Bwenzi makutu akukha magazi."

"Madala, tisiyeni tionere. Mukalembe wanu kanema."

Mu 1986 anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anafika ambiri, namanga misasa kutsidya kwa dambo. Madzulo ena a Ogasiti mphepo inanyamula phokoso la kanema uja n'kuliwolotsa dambo. A kumisasa anayesa nkhondo yawatsatira, nathawira kutchire. Mayi wina, a Perpetua, mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi anawasokonekera. Anapezeka patapita masiku awiri, ali moyo, mapazi atatupa ndi minga.

Okutobala anafika. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa, udzu utauma gwa, chizimalupsa chisanagwe. Komiti yokonza chikondwerero cha ufulu inagula makombola khumi ndi awiri ku Chipata, aja okwera m'mwamba n'kumwaza nyenyezi. Kumudziko anali asanaonekepo. Mlembi wa komitiyo, a Josephat, ananyamula bokosi la makombolawo kupita nalo kwa a Nikodemo.

"Bambo Sakala, inu ndinu mumadziwa za onga. Koma musauze munthu. Tikufuna anthu adzidzimuke."

"Anadzidzimuka kale mu Ogasiti," anayankha a Nikodemo. "Kumgodi sitiyatsa tisanauze aliyense. Mukafuna zobisa, kapatseni wina bokosi lanuli."

Wina panalibe. A Josephat anasiya bokosi, nachoka akung'ung'udza.

Masiku atatu a Nikodemo anayenda kumisasa, khomo ndi khomo, dzuwa likuswa mtengo. Pakhomo lililonse ankasiyira wamkulu aliyense njere za chimanga khumi ndi ziwiri. Atafika kwa a Perpetua, anakhala pansi, natulutsa wezulo wawo wakale wa kumgodi.

"Mayi, Lachisanu dzuwa likangolowa kudzalira zinthu pabwalo la sukulu. Si nkhondo. Zidzalira khumi ndi ziwiri. Chisanalire chilichonse ndidzaliza wezulo uyu katatu. Chikalira, tayani njere imodzi. Njere zikatha, zathanso."

"Nanga chikalira popanda wezulo?"

"Chimenecho si changa. Tengani mwana muthawe."

Mayiwo anayang'ana njerezo nthawi yaitali, kenaka anazimanga pansonga ya chitenje.

"Tibwera tidzaone ndi maso, abambo. Kumva chabe n'kumene kumaopsa."

Lachinayi a Nikodemo analambula udzu kuzungulira bwalo, natunga madzi zidebe zinayi, nakwirira m'nthaka mabotolo oimikamo makombola, kukamwa kwake kutaloza kumene kunalibe madenga. Analembera ana a sukulu mzere ndi phulusa, woti asaudumphe.

Lachisanu anthu anavina chimtali usana wonse. Dzuwa litalowa, kumadzulo kukadali kofiira, a kumisasa anafika. Anaima kumapeto kwa bwalo, mbali ya kutchire, ana kumsana, ena atanyamula ndi timitolo tawo.

Wezulo analira katatu. Loyamba linakwera ndi mluzu, n'kuphulika, nyenyezi zobiriwira zinagwa pang'onopang'ono pamwamba pa mitengo ya mango. Eni mudzi analulutira. Kumapeto kuja kunali zii, ena atagwada, manja kumutu. Koma palibe anathawa. Pofika lachisanu ndi chimodzi, ana ena anali atatsika kumsana. A Nikodemo sankayang'ana m'mwamba konse. Maso awo anali pachingwe choyatsira ndi pachikuni.

Makombola khumi ndi limodzi anakwera bwino. Lomaliza, wezulo atalira katatu, chingwe chinanyeka mpaka kulowa m'kati, kenaka chete.

"Yatsaninso!" anakuwa a Josephat, akudumpha mzere wa phulusa.

"Bwererani, a mlembi. Onga wokana sauyandikira. Tidikira theka la ola."

"Theka la ola? Anthu atopa, madala."

"Atope. Maso muli nawo awiri okha."

A Josephat anabwerera. Achinyamata anayamba kuseka, ati m'kanema sadikira. Eni mudzi ambiri anamwazikana kupita kung'oma. A Nikodemo anakhala pansi potalikira, wotchi m'manja. Koma kumapeto kwa bwalo palibe anasuntha. Aliyense anali ndi njere imodzi m'dzanja, akudikira kulira kumene anawalonjeza. A Nikodemo anadziwa kuti anthuwo akapita nazo njerezo kumisasa, sakalowa m'nyumba.

Nthawi itakwana, anakwawa chammbali, nathira chidebe chonse pabotolo, nachita kuwonjezera chachiwiri. Anasolola chinthucho, pepala lake litafewa, nachimiza m'chidebe chachitatu. Kenaka ananyamula chidebecho ndi nyali, nadutsa bwalo lonse mpaka pamene anaima a Perpetua.

"Mayi, ndinati khumi ndi ziwiri. Zalira khumi ndi chimodzi. Chotsalacho ndi ichi. Chafa, sichiliranso."

A Perpetua anasuzumira m'chidebe. Anapisamo dzanja, nakhudza pepala lonyowa lija, nalifinya mpaka madzi akuda anatuluka pakati pa zala. Ndiyeno anatsegula dzanja linalo, njere ija inagwera m'madzimo. Amene anali pambali pawo anachitanso chimodzimodzi. A Nikodemo anayenda ndi chidebecho mzere wonse, munthu ndi munthu, mpaka kwa nkhalamba ina imene inaima kumapeto.

Anthuwo anawoloka dambo akucheza, mdima utagwa, ana akutsanzira wezulo ndi pakamwa. Tsiku limenelo kumisasa anagona m'nyumba.

Mvula yoyamba inagwa patapita masiku asanu ndi anayi, ndi mabingu ake. A Nikodemo anadzala mtedza wawo, ndipo a Perpetua anabwera kudzapempha mbewu.